Mitsempha yodyetsa mtima ikamera polakwika mwa mwana: zithunzi zimaonetsa chiyani, ndipo madokotala amatani?

Pa 10 Okutobala 2022, timu ya Brighton ya ku England inalengeza kuti Enock Mwepu, wosewera wa ku Zambia, wasiya mpira ali ndi zaka 24 zokha, madokotala atamupeza ndi matenda a mtima a kumtundu. Chiyambire pamenepo, mwana akangokomoka pabwalo la sukulu ku Matero kapena ku Chawama mu Lusaka, pakamwa pa anthu sipachedwa kutuluka mawu akuti "ndi mtima, ngati za Mwepu zija." Za Mwepu tizisiye pomwepo. Matenda a mtima a ana ali mitundumitundu, ndipo kuwaponya onse m'thumba limodzi kumasokoneza makolo: ena amasowa tulo ndi chinthu chosaopsa, ena amazengereza pamene pafunika kuthamanga.

Pali gulu limodzi laling'ono limene limavuta kumvetsa kuposa ena. Ndi la ana obadwa mitsempha yodyetsa mtima itamera pamalo olakwika kapena itadzera njira yolakwika. Pa kalata ya kuchipatala pamalembedwa ALCAPA, AAOCA kapena coronary fistula. Mayinawa amaoneka ngati a banja limodzi, koma nkhani zake n'zosiyana kutali. Lina ndi ngozi ya khanda yofuna opaleshoni mwamsanga. Lina munthu akhoza kukalamba nalo osadziwa, kapena kugwa nalo pampira ali ndi zaka 15.

Mtima nawo umadya

Magazi onse a m'thupi amadutsa mumtima, koma mnofu wa mtima sukhuta ndi magazi ongodutsa m'zipinda zake. Uli ndi mitsempha yakeyake iwiri, imene madokotala amaitcha coronary, yoyenda pamwamba pa mtima n'kumalowa mumnofu. Yonse iwiri imamera patsinde pa aorta, mtsempha waukulu wonyamula magazi odzaza okosijeni kuchoka mumtima kupita m'thupi lonse. Patsindepo pali timatumba titatu totchedwa ndi dzina la Antonio Maria Valsalva, katswiri wa ku Italy amene anamwalira mu 1723. Mtsempha wakumanzere umayenera kumera m'kathumba kakumanzere, wakumanja m'kathumba kakumanja, kachitatu n'kukhala kopanda kanthu. Wakumanzerewo ndiwo uli ndi ntchito yolemera, chifukwa ukangotuluka umagawika pawiri n'kudyetsa mbali yaikulu ya chipinda chakumanzere, chimene chimakankhira magazi ku ubongo, ku impso mpaka kuzala zakumapazi.

Moyandikana kwambiri ndi aorta pali mtsempha winanso waukulu, wopita ku mapapo. Magazi ake ndi ogwira kale ntchito, okosijeni ndi wochepa, ndipo amayenda mopanda mphamvu. Mitsempha iwiri ikuluikuluyi imakhala yogundana, ndipo zolakwika zambiri zimachitikira pakamalo kameneka.

Aliyense amene anaimapo pa shopu ya owotcherera zitsulo ku Kalingalinga magetsi atapita akuidziwa jenereta ya kapaipi kamafuta kopindika. Ikakhala yopanda katundu imalira bwinobwino. Mmisiri akangogunditsa ndodo pachitsulo, injini imatsamwa n'kuzima, pamene injiniyo payokha ilibe vuto. Mtima uli chimodzimodzi, ndipo zinthu ziwiri zimaukulitsira vutoli. Ngakhale munthu ali khale, mnofu wa mtima umayamwa kale okosijeni wambiri wa m'magazi amene ukulandira, choncho ntchito ikakula njira yokhayo n'kulandira magazi ochuluka. Komanso mitsempha ya coronary imadzaza makamaka pamene mtima wamasuka pakati pa kugunda kuwiri. Mwana akamathamanga, mtima umagunda pafupifupi ka 200 pamphindi, kampata kaja n'kuchepa pa nthawi imene kakufunika kwambiri.

Khanda lolira likamayamwa

ALCAPA ndi pamene mtsempha wakumanzere wamera pa mtsempha wopita ku mapapo m'malo mwa aorta. Mwana ali m'mimba, ndiponso masiku oyambirira atabadwa, mphamvu ya magazi mumtsempha wa ku mapapo imakhala yokwera, kotero mnofu wa mtima umalandirabe chakudya. Mwana amabadwa wooneka bwino, amalira, amayamwa, mayi n'kutulutsidwa m'chipatala popanda wokayika kanthu. M'masabata 6 mpaka 8 otsatira mapapo amatseguka bwino ndipo mphamvu ija imatsika, monga zimayenera kukhalira mwa mwana aliyense. Kwa mwana uyu ndiye chiyambi cha mavuto. Magazi olowa mumtsempha wolakwikawo amachepa, kenako amayamba kuyenda chobwerera. Ochokera ku mtsempha wakumanja amadutsa m'timitsempha tolumikiza, n'kukathira ku mtsempha wa ku mapapo osadyetsa mnofu. Madokotala amati magaziwo akubedwa. Mbali zina za mnofu zimafa ngati mmene zimachitikira mwa munthu wamkulu wodwala mtima, chipinda chakumanzere chimatupa n'kulefuka, ndipo valavu yake, kachitseko koletsa magazi kubwerera m'mbuyo, imayamba kudontha.

Ntchito yolemetsa kwambiri kwa khanda ndi kuyamwa, ndiye zizindikiro zimaonekera pabere. Mwana wa miyezi iwiri kapena itatu amakoka pang'ono n'kulavula bere, n'kulira mokuwa ngati wabayidwa ndi singano. Nkhope imatuwa, thukuta limachita mikanda pamphumi ndi m'mutu ngakhale mu Juni kukuzizira, amapuma mothamanga nthiti zikulowa mkati. Patapita kanthawi amatonthola, koma akayamwanso zimabwerera. Pa kadi ya kusikelo mzere umene umayenera kukwera umagona chammbali.

Zonsezi zimafanana ndi chibayo, kupotokola kwa m'mimba kapena kunyentchera, ndipo wachipatala amene ayambe waganiza matenda amenewo sanalakwe, chifukwa ndiwo ofala. Chimene chimasintha maganizo ndi mwana amene mankhwala a chibayo sakumuthandiza, amene X-ray yaonetsa mtima waukulu wodzaza chifuwa.

Matendawa anafotokozedwa bwino mu 1933 ndi madokotala atatu a ku Massachusetts General Hospital mumzinda wa Boston, Edward Bland, Paul Dudley White ndi Joseph Garland, atasamalira mwana wamwamuna wa miyezi itatu amene anamwalira. Mpaka lero mabuku ena amawatchula ndi mayina awo. Amapezeka mwa mwana mmodzi pa ana pafupifupi 300,000, ndipo popanda opaleshoni ana 9 pa 10 safika chaka chimodzi. Ku Zambia kumabadwa ana oposa 600,000 pachaka, ndiye kuwerengera kwake ndi ana ngati awiri chaka chilichonse m'dziko lonse. Namwino akhoza kugwira ntchito mpaka kupuma osamuonapo mmodzi. Chikhalirecho madokotala a mtima wa ana amaphunzitsidwa kuti khanda lililonse la mtima wotupa ndi wolefuka alifufuze ALCAPA, poti mwa zifukwa zonse zolefula mtima wa khanda, ichi ndi chimodzi mwa zochepa zimene mpeni umachiza.

Poyamba madokotala ankangomanga mtsempha wolakwikawo kuti kuba kuthe, mwana n'kutsala ndi mtsempha umodzi. M'zaka za m'ma 1970 anayamba kuudula pamodzi ndi kachigamba kozungulira khomo lake n'kuusokerera pa aorta, ndipo iyi ndiyo njira yodalirika lero. Mtsemphawo ukakhala patali moti sungafike, pali njira imene Takeuchi ndi anzake a ku Japan anafalitsa mu 1979, yopanga kangalande mkati mwa mtsempha wa ku mapapo kotengera magazi a mu aorta. M'zipatala zozolowera opaleshoniyi ana oposa 9 pa 10 amapulumuka. Chodabwitsa n'chakuti mtima umene unkangogwedera pa echo, sikani ya mtima, umabwerera mphamvu pang'onopang'ono m'miyezi ingapo mpaka chaka, ndipo kudontha kwa valavu nthawi zambiri kumachepa kokha. Mankhwala ochotsa madzi m'thupi monga furosemide amangomugwiriziza mwana pa ulendo wopita ku opaleshoni, sachiza. Pa ALCAPA palibe mkangano: akapezeka, amachitidwa opaleshoni.

Wachinyamata wamphamvu amene amagwa akuthamanga

AAOCA ndi nkhani ina. Apa mtsempha wamera pa aorta pomwepo ndipo magazi ake ndi abwino, kungoti wamera m'kathumba kolakwika. Wakumanja ukhoza kumera kumanzere, kapena wakumanzere kumanja, ndiye kuti ukafike kumene umagwira ntchito uyenera kuzungulira. Ukadzera kumbuyo kwa aorta kapena kutsogolo kwa mtsempha wa ku mapapo, kawirikawiri palibe chodetsa nkhawa. Njira yoopsa ndi yodutsa pakati pa mitsempha iwiri ikuluikulu ija.

Kwa zaka zambiri ankaphunzitsa kuti mtsemphawo umapanidwa pakati pa iwiriyo munthu akamathamanga. Lero akatswiri ambiri amaloza kwina. Mtsempha wotere umatuluka mopendekeka, khomo lake limakhala lopapatiza m'malo mokhala lozungulira, ndipo gawo lake loyamba nthawi zambiri limayenda mkati mwa khoma la aorta. Munthu akathamanga, aorta imafufuma ndi mphamvu ya magazi, khomalo limakokeka, gawo lobisikalo n'kuphwatalala. Ndi kapaipi ka jenereta kaja. Mnofu ukasowa okosijeni kwa kanthawi, magetsi a mtima amasokonekera, mtima n'kuyamba kunjenjemera m'malo mopopa.

Melvin Cheitlin ndi anzake ndi amene anaonetsa mu 1974, pounika mitima ya omwalira ku America, kuti mtsempha wakumanzere womera kumanja si kanthu kongosiyana chabe koma kamapha. Mu 2000 Cristina Basso wa ku Padua ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa achinyamata a masewera 27 a ku Italy ndi ku America amene anamwalira mwadzidzidzi ndi vutoli. Mwa 23 unali mtsempha wakumanzere, mwa 4 wakumanja. Ena anali atakomokapo kapena kumva kupweteka pachifuwa miyezi ya m'mbuyo, ambiri sanamvepo kalikonse. Amene anayezedwapo ECG (mayeso a magetsi a mtima) ali moyo, zotsatira zinali zabwino. Ku America vutoli limawerengedwa lachiwiri pa zifukwa za mtima zopha achinyamata a masewera.

Mbali ina ya nkhaniyi imaiwalika. Ku Houston, gulu la Paolo Angelini linajambula ndi sikani ya MRI mitima ya ana a sukulu oposa 5,000 osadwala chilichonse, ndipo mu 2018 linanena kuti lapeza 23 a mtsempha wodutsa njira yoopsayi, ambiri mwa iwo wakumanja. Ndiye kuti ana ngati 4 pa 1,000 aliwonse. Zikanakhala kuti onse otere amagwa, bwenzi sukulu iliyonse yaikulu ya mu Lusaka ikulira maliro a pabwalo chaka ndi chaka. Sizili choncho. Ambiri amakula, amakwatira, amakalamba. Pete Maravich, katswiri wa basketball wa ku America, anabadwa wopanda mtsempha wakumanzere, anasewera zaka 10 mu NBA, n'kudzagwa ndi kumwalira mu 1988 ali ndi zaka 40 pa masewera ongocheza. Vuto lonse la madokotala lagona pa kusiyanitsa ochepa amene ali pangozi ndi ambiri amene sali pangozi.

Kwa kholo ndi mphunzitsi wa masewera, kusiyanitsa kumodzi n'kothandiza. Mwana wokomoka ataima nthawi yaitali pa asembule padzuwa la Okutobala, osadya m'mawa, atayamba wamva chizungulire, kawirikawiri si mtima. Mwana wogwa ali pakati pothamanga, kapena wogwira pachifuwa nthawi iliyonse akalimbikira, ayenera kusiya masewera mpaka dokotala wa mtima atamuona, ngakhale adzuke akuseka.

Zina za m'gululi

Coronary fistula ndi pamene mtsempha wamera pabwino koma nthambi yake ikuthira magazi m'chipinda cha mtima kapena mumtsempha wa ku mapapo. Zing'onozing'ono zimangoyang'aniridwa, ndipo zina zimatsekeka zokha. Zazikulu zimatsekedwa ndi kawaya kopota kapena kachitsekero kolowetsedwa kudzera mumtsempha wa m'mphechepeche, kapena ndi opaleshoni. Palinso ana amene ali ndi vuto lina la mtima, monga tetralogy of Fallot, amene mitsempha yawo ya coronary imadzera pomwe dokotala afuna kucheka, n'chifukwa chake amaijambula opaleshoni isanachitike. Matenda a Kawasaki, amene Tomisaku Kawasaki anawafotokoza ku Japan mu 1967, amawononganso mitsempha yomweyi, koma mwana sabadwa nawo. Amabwera ndi kutentha thupi kwa masiku asanu kapena kuposa, maso ofiira ndi milomo yong'aluka, ndipo chithandizo chake n'china.

Kujambula kamtsempha ka mamilimita awiri

Mtsempha wa coronary wa khanda ndi wa milimita imodzi kapena ziwiri m'mimba mwake, uli pa mtima wogunda ka 120 mpaka 160 pamphindi, mwa munthu amene sungamuuze kuti agwire mpweya. Makina aliwonse ali ndi zimene amatha ndi zimene amalephera.

X-ray ndi ECG ndizo zimapezeka msanga. X-ray imaonetsa kukula kwa mtima, mitsempha ya coronary siioneka. ECG mwa khanda la ALCAPA imathandiza kwambiri, chifukwa imaonetsa zizindikiro za mnofu wakufa zimene siziyenera kupezeka mwa mwana wa miyezi itatu. Mwa wachinyamata wa AAOCA imatuluka yabwino nthawi zambiri, ndipo pepala lolembedwa kuti "normal" lanyengapo mabanja ambiri.

Echo ndiyo poyambira penipeni. Inayambika mu 1953 ku Lund m'dziko la Sweden, pamene dokotala Inge Edler ndi katswiri wa sayansi Hellmuth Hertz anabwereka makina ofufuzira ming'alu m'zitsulo za zombo n'kuwayesa pa mtima. Ndi sikani yofanana ndi ya amayi oyembekezera: mafuta ozizira pachifuwa, kachida koyendetsa pakhungu, palibe singano, palibe cheza. Khanda likhoza kujambulidwa lili pamiyendo pa mayi. Makina a masiku ano amapaka mitundu, wofiira ndi wabuluu, kusonyeza kumene magazi akulowera, ndipo mtundu ukaonetsa magazi akuyenda chobwerera mumtsempha wakumanzere, ALCAPA yapezeka. Kufooka kwa echo kuli m'manja mwa woijambula. Pali kampata kachibadwa kumbuyo kwa mitsempha ikuluikulu kamene pa sikirini kamaoneka ngati mtsempha womera bwinobwino pa aorta, ndipo kapusitsapo ngakhale odziwa. Mwana akakula chifuwa n'kukhuthala, kuona patsinde paja kumavutanso. Choncho echo imene sinayang'ane mwadala pomera mitsempha iwiriyi sinayankhe funsoli, ndipo kholo lili ndi ufulu wofunsa kuti, "Adokotala, mitsempha ya coronary mwaiona pomera pake?"

CT ndiyo imaonetsa bwino maonekedwe. Makina oyamba a Godfrey Hounsfield anajambula mutu wa wodwala ku London mu 1971, ndipo chithunzi chimodzi chinkatenga mphindi zingapo. Kujambula mtima wogunda kunatheka bwino cha m'ma 2004, atabwera makina ojambula magawo 64 nthawi imodzi. Mwana amamuika kanula pamkono, amamuthira mankhwala oonetsa mitsempha amene amamveka kutentha thupi lonse kwa kanthawi, ndipo kujambulako kumatha m'masekondi. Nthawi zina amamupatsa mankhwala ochedwetsa mtima kuti chithunzi chisachite chimbuuzi, ndipo impso amayamba aziyeza. CT imaonetsa kathumba kamene mtsempha wamera, njira yake, kupapatiza kwa khomo ndi kutalika kwa gawo la m'khoma. Mtengo wake ndi cheza, chimene thupi la mwana limachimva kuposa la wamkulu. Munthu aliyense amalandira pafupifupi 2.4 mSv (muyeso wa cheza) pachaka kuchokera m'nthaka, mumpweya ndi kumwamba. Makina atsopano ochunidwa molingana ndi thupi la mwana amatha kujambula mtima ndi cheza chosafika 1 mSv, pamene makina akale, kapena ochunidwira wamkulu, amapereka chochuluka kangapo. Choncho funso si lakuti CT ilipo kapena ayi, koma ngati pamalopo anazolowera kujambula mitima ya ana.

MRI ilibe cheza, ndipo imaonetsa zimene CT siionetsa bwino: zipsera za mumnofu ndi mmene magazi akufikira mbali iliyonse. Koma imatenga pafupifupi ola, mumphako yaphokoso, munthu osagwedezeka. Mwana wamng'ono amafunika kugonetsedwa, ndipo kugonetsa khanda la mtima wolefuka ndi ngozi payokha. Pa timitsempha tating'ono CT imaiposa.

Njira yolowetsa kapaipi mumtsempha mpaka kumtima ndi yakale. Pa 30 Okutobala 1958, ku Cleveland Clinic, kapaipi ka Mason Sones kanaterereka n'kuthira mankhwala mumtsempha wa coronary wa wodwala mwangozi. Wodwalayo sanafe monga onse ankaopera, ndipo kujambula mitsemphayi kunayambira pamenepo. Mwa ana lero njirayi sigwiritsidwanso ntchito kwambiri pongofuna kuona. Ntchito yake yatsala kutseka ma fistula ndi kuyeza mkati mwa mtsempha, ndi kawaya koyeza mphamvu ya magazi kapena kasikani kakang'ono, mtima utathamangitsidwa ndi mankhwala a dobutamine.

Zithunzi zonsezi zimajambula mwana atagona, pamene ngozi imabwera akuthamanga. N'chifukwa chake pali mayeso othamangitsa mwana pa lamba woyenda kapena pa njinga atamumata mawaya a ECG, nthawi zina pamodzi ndi echo kapena MRI. Akaonetsa kuti mnofu ukusowa magazi, yankho lapezeka. Akatuluka abwino, nkhawa imachepa koma sitha, chifukwa kuphwatalala kwa mtsempha sikuchitika tsiku lililonse.

Kucheka kapena kuyang'anira

Malangizo amene bungwe la American Association for Thoracic Surgery linatulutsa mu 2017 ndiwo ambiri amatsamira. Mtsempha wakumanzere wodutsa pakati pa mitsempha ikuluikulu amauchita opaleshoni ngakhale mwana asamve kanthu. Wakumanja amauchita ngati mwana wakomokapo, akumva kupweteka kokayikitsa, kapena mayeso aonetsa kusowa kwa magazi. Wakumanja wopanda zizindikiro, mayeso ali bwino, akhoza kungoyang'aniridwa, ndipo mwana amaloledwa kusewera banja litafotokozeredwa kuti kangozi kochepa kalipobe.

Opaleshoni yofala ndi yotchedwa unroofing, imene inafotokozedwa koyamba mu 1981. Mtima umaimitsidwa, makina n'kumapopa magazi ndi kupuma m'malo mwake. Dokotala amatsegula aorta n'kudula kakhoma kamkati kophimba gawo lobisika lija, kuti khomo la mtsempha likhale lotakata ndiponso pamalo oyenera. Gawo la m'khoma likakhala lalifupi, amaudula mtsemphawo n'kuusokerera m'kathumba kake, kapena kukulitsa khomo ndi chigamba. Pambuyo pake mwana amamwa aspirin kwa kanthawi, ndipo pakatha miyezi itatu amamuyezanso pothamanga asanamulole kubwerera pabwalo.

Imfa pa opaleshoniyi n'zosowa, koma si opaleshoni yaing'ono. Valavu ya aorta ili pafupi kwambiri ndi pochekapo ndipo mwa ena imatsala ikudontha. Mwa ena khomo latsopanolo limadzapapatizanso, ndipo alipo obwereranso ku tebulo. Kholo lomva kuti mwana wake, amene dzulo anagoletsa zigoli ziwiri, atsegulidwe chifuwa pofuna kupewa chinthu chimene mwina sichikanachitika, silikuchita mantha achabe likazengereza. Nalonso kholo lonena kuti silingagone mwana akuyenda ndi mtsempha wotere lili ndi mfundo.

Njira ya mu Lusaka

Mwana amayambira kukiliniki kapena ku zipatala za Matero, Chipata, Kanyama, Chawama ndi Chilenje, kumene kalata imamutumiza ku chipatala cha ana cha UTH kapena ku Levy Mwanawasa. Kuyambira 2021 kulinso National Heart Hospital, cha ku msewu wa ku bwalo la ndege, chipatala cha matenda a mtima okhaokha chimene chimachita opaleshoni za akulu ndi ana. Ana ena a matenda ovuta akhala akutumizidwa kunja, makamaka ku India. Amene ali pa inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA afunse msanga kuti ndi mayeso ati amene khadi likulipira ndiponso pa chipatala chiti. Pepala lililonse la ECG, lipoti la echo ndi zithunzi zenizeni za CT zisungidwe pamodzi, poti dokotala wa opaleshoni amafuna kuona zithunzizo ndi maso ake, ndipo zikatayika mwana amalandira cheza kachiwiri popanda chifukwa.

Mafunso amene sanayankhidwe

Funso lalikulu ndi la mtsempha wakumanja mwa mwana wosamva kanthu. Zipatala zina zimachita opaleshoni gawo la m'khoma likakhala lalitali kapena khomo likapapatiza kwambiri, zina zimayang'anira. Palibe muyeso umene onse anagwirizana kuti kuyambira mamilimita akutiakuti ngozi yayamba, ndipo palibe kafukufuku amene anagawa ana m'magulu awiri mwa maere kuti aone njira yopambana. Bungwe la Congenital Heart Surgeons' Society linayamba kaundula wa ana otere mu 2009 kuti liwatsate kwa zaka zambiri, ndipo mayankho akubwera pang'onopang'ono.

Msinkhu nawo ndi mkangano. Imfa zadzidzidzi za vutoli sizichitika kawirikawiri mwa ana osafika zaka 10, ndiye ambiri amadikira kuti mwana akule mitsempha ikhale yosavuta kusoka. Nanga mwana wa zaka 6 wopezeka mwangozi, amene sakhala pansi, angaletsedwe bwanji kuthamanga, ndipo kumuletsako kukumuteteza kapena kukungomulanda ubwana ndi kumunenepetsa? Akatswiri sanagwirizanenso kuti ndi mayeso ati othamangitsa mtima amene angadaliridwe akatuluka abwino, ndiponso ngati kuyeza kwa mkati mwa mtsempha, kumene kunapangidwira akulu a mitsempha yotsekeka ndi mafuta, kukutanthauza zomwezo mwa mwana.

Za amene anachitidwa kale opaleshoni zidakali zotseguka. Unroofing yafala kwambiri m'zaka makumi awiri kapena atatu zapitazi, ndiye ana oyamba aja angofika kumene pa uchikulire, ndipo mmene mitsempha yawo idzakhalire ali ndi zaka 60 zidzaoneka m'tsogolo. Pali mabanja ochepa amene vutoli lapezeka mwa abale awiri, zimene zadzutsa funso ngati achimwene ndi alongo a mwana wopezeka nalo azijambulidwanso echo.

Kenako pali funso la kuno kwathu. Ziwerengero za matendawa zatchulidwa pamwambazi n'za ku America ndi ku Ulaya. Ena amafuna kuti mwana aliyense wolowa akademi ya mpira kapena wophunzira masewera ku malo a masewera a achinyamata a OYDC aziyezedwa mtima, koma ECG, imene ndi yotsika mtengo, siigwira AAOCA, ndipo echo yoyang'ana pomera mitsempha imafuna akatswiri amene ndi ochepa, omwenso akudikiridwa ndi ana ambirimbiri a mabowo a mumtima ndi a mavalavu owonongeka ndi rheumatic fever, matenda obwera pambuyo pa zilonda zapakhosi zosachiritsidwa. Ena amati ndalama yomweyo ingapulumutse ambiri itaphunzitsa aphunzitsi ndi makochi kupopa chifuwa cha mwana wakugwa, ndi kuika makina odzutsa mtima pa mabwalo monga Heroes, Nkoloma ndi Woodlands komanso m'masukulu. Enanso amati poyambira ndi kusikelo, kuti khanda lotuluka thukuta pabere lifike pa echo mwezi usanathe. Ndi chiti chiyambe pa zitatuzi, ndipo alipire ndani, zidakali pa tebulo la azaumoyo ndi oyendetsa masewera.